Duku Lopendekeka

Bere langa lakumanja analichotsa m'nyengo yozizira, tsitsi litathothoka kale ndi mankhwala a khansa otchedwa kemo. Ndinkaganiza kuti chovuta kwambiri chidzakhala kuyang'ana pachifuwa. Chinavutadi, sindinama, ndipo mpaka lero pali masiku amene ndimasamba maso ali kudenga. Koma chimene chinatsala pang'ono kunditayitsa moyo sichinali pachifuwa ayi, unali mkono.

Ine ndine mphunzitsi. Ndaphunzitsa ana a pulayimale ku Chelstone, muno mu Lusaka, kuyambira ndili mtsikana, ndipo mkono wakumanjawu ndi umene wakhala ukulemba pamwamba penipeni pa bolodi zaka zonsezi. Ndimakhala m'mafulati a ku Kabwata. Amuna anga anatisiya kalekale, ndipo mwana wanga mmodzi yekhayo ali ku Kopala, nthawi imeneyo n'kuti ali ndi khanda kumanja. Choncho wodzandidwazika anali akulu anga, obadwa nawo mimba imodzi. Anakwera basi kuchokera kumudzi ku Katete atanyamula thumba la mtedza, mfutso ndi mulu wa zitenje.

Kwathu akati munthu wodziwa kudwazika, amanena asisi angawa. Anadwazika amayi athu. Anadwazika amuna awo. Anadwazika mwana wawo wamkazi m'zaka zija matenda ankakolola achinyamata. Pamaliro a amayi, azimayi osambitsa thupi anatuluka m'nyumba n'kuuza anthu kuti sanapeze chilonda cha pamsana ngakhale chimodzi, chikhalirecho amayi anali atagona pamphasa nthawi yaitali osadzuka. Mawu amenewo ndiwo anali chuma cha asisi. Sukulu sanapite nayo patali, ng'ombe alibe, koma pamudzi pakadwala munthu, anthu ankayamba kuyang'ana kukhomo kwawo.

Ndipo kudwazika kwa kwathu kuli ndi lamulo lake: wodwala sagwira kanthu. Satunga madzi, sayala pogona, supuni ikagwa satola. Anthu akabwera kudzazonda n'kupeza wodwala akudzichitira yekha chinthu, manyazi sagwera wodwalayo, amagwera womudwazika. Tonse tinakula tikudziwa zimenezi popanda wotiuza.

Ndisanatuluke m'chipatala, mtsikana wa mafizo anabwera pabedi panga n'kundionetsa zoti ndizikachita kunyumba: kufumbata ndi kutambasula zala, kuzunguza mapewa, ndipo akadzachotsa kapaipi ka m'khwapa, kuyamba kukweza mkono pang'onopang'ono. Ndinagwedeza mutu, koma maganizo anali kwina. Asisi n'kuti asanafike, ndiye sanamve kalikonse.

Kunyumba ndinayesa kamodzi. Ndinakweza mkono pang'ono chabe, m'khwapa munang'amba ngati akundisokanso, ndipo ndinabuula. Asisi anatulukira kukhitchini manja ali thovu lokhalokha.

“Ukuchita chiyani iwe?”

“Anandiuza kuchipatala kuti ndiziukweza.”

“Munthu wodulidwa ndi mpeni dzanadzanali? Ukufuna ulusi uduke? Chilonda chimafuna bata.”

Anatenga chitenje, n'kuchipinda, n'kundikoleka m'khosi, mkono n'kugona m'katimo pachifuwa. Umu ndi mmene amayi anamangira mlongo wathu atathyoka mkono pogwa mumtengo wa mango, ndipo unalumikizana bwinobwino. Ululu unaleka nthawi yomweyo. Ndinali wotopa ndi singano, wotopa ndi kusanza, wotopa ndi kulimba mtima, ndipo kupeza munthu woti andinyamulire mkono wanga kunandikomera kwambiri.

M'mawa uliwonse asisi ankandisambitsa, kundidzoza mafuta, kundiveka, kenako kundimanga duku. Pomanga duku ndiye panali luso lawo. Ankaima kumbuyo kwanga, zala zikununkhira sopo, n'kukoka nsalu mpaka pamwamba pa nsidze, kuipinda kuseri kwa makutu, n'kumanga mfundo yaing'ono pankhongo. Ndikayang'ana pagalasi sindinkaona mutu wopanda tsitsi, ndinkaona mayi woti akhoza kupita kutchalitchi. Odzazonda ankati ndikuoneka bwino, ndipo potuluka ankathokoza asisi mowagwira m'manja. Mkono uli m'chitenje muja, masabata anapita.

Tsiku lokandiyeza kuti ayambe kundiwotcha linafika. Opaleshoni imachotsa zooneka ndi maso, koma pamafunikanso makina owotcha malo onsewo kuti tizotsalira tisadzukenso. Pamakinawo munthu amagona chagada pakabedi kopapatiza, mikono yonse atakweza kupitirira mutu n'kugwira zogwirira, kuti pachifuwa ndi m'khwapa pakhale poyera. Wakumanzere unapita wokha. Wakumanja unafika pamzere wa phewa n'kukana. Anayesa kundithandiza, ndinakuwa. M'khwapa munali mtsempha wokungika ngati chingwe choyanikira zovala, kutsika mpaka pachigongono, ndipo phewa linali litauma gwa.

Adokotala analankhula mofatsa, koma ndinamva zimene ankatanthauza. Mkono ukapanda kukwera, makina sangandiwotche. Ndipo kuwotcha kuli ndi nthawi yake pambuyo pa opaleshoni, sikudikira munthu mpaka kalekale. Anandipatsa tsiku lina, n'kunditumiza ku mafizo tsiku lomwelo. Ndinayenda m'khonde la chipatala kulowera ku mafizoko. Ndinali nditapereka tsitsi, nditapereka bere, ndiye zonsezo zipite pachabe chifukwa cha phewa?

Ku mafizo tinapeza mtsikana yemwe uja. Ndi wobadwira muno mu Lusaka, msinkhu wa mwana wanga, wolankhula Chinyanja cha m'tauni chimene ndakhala ndikuchiwongola m'kalasi moyo wanga wonse. Tsiku limenelo sindinawongole kanthu.

“Muli shani, ba mayo? Bwelani, nkalani apa,” anatero. Ataona chitenje m'khosi mwanga anafunsa, “Ni ndani anakumangani so?”

“Ndine,” asisi anayankha ataimirira pafupi ndi chitseko.

Mtsikanayo sanakalipe. Anamasula chitenjecho mwaulemu, n'kuchipinda, n'kuwapatsa asisi ndi manja awiri.

“Ba mayo, mwamusamala bwino, chilonda chapola mushe. Koma uyu mkono siunatyoke. Mukaumanga so, uzauma. Ufunika uziyenda, olo ubabe.”

“Mwana iwe,” asisi anatero, “munthu ameneyu amudula ndi mpeni.”

“Niziba, ba mayo. Ndiye chifukwa chake.”

Anandigoneka pabedi, n'kuyamba kutikita mtsempha uja ndi chala chachikulu, kenako kukweza mkonowo pang'onopang'ono mpaka pamene unakanira, n'kuusunga pomwepo. Abale inu, ndinabereka mwana, ululu ndimaudziwa, koma umenewu unali ndi mtundu wakewake. Misozi inatsikira m'makutu. Nditatembenuza mutu kuti ndione asisi, pachitseko panalibe munthu. Ndinawapeza panja atakhala pabenchi, chitenje chija chili pamiyendo.

Mtsikanayo anandipatsa ntchito ya kunyumba. Kuima moyang'ana khoma n'kumakwawitsa zala kukwera m'mwamba. Kugwira ndodo ya tsache ndi manja onse n'kumaikweza nditagona chagada. Kuika manja pankhongo n'kumatambasula zigongono. Anatinso ntchito zopepuka za m'nyumba ndizigwira ndekha, zolemera zokha ndiye ayi. Pomaliza analoza pamutu panga.

“Na chitambala ichi muzizimanga mweka. Palibe mafizo yopambana iyo.”

Ndinatenga choko m'chikwama changa cha kusukulu, n'kumalemba kamzere pakhoma la kuchipinda pamene zala zafika. Kamzere koyamba kanali pamunsi pa swichi ya magetsi. Ndinakayang'ana n'kuseka ndekha mowawidwa mtima, ine munthu wolemba tsiku pamwamba pa bolodi popanda kunyang'ama.

Zakukhoma asisi ankazilola, ankangotseka chitseko kuti asamve. Koma zina zonse anakana kuzisiya. Ndikati nditenge kapu, kapu ili kale m'manja mwawo. Ndikati ndivale bulauzi, andigwirira kale mkono wake. M'mawa ndikatenga duku, ndisanalifikitse n'komwe pamutu, ndimve zala zawo pankhongo. Masiku ankapita, tsiku la makina likuyandikira, kamzere ka choko kakungokwera ngati nkhono. Ine mtima wanga ndi wapachala, ana a ku Chelstone angakuuzeni. M'mawa wina ndinalanda dukulo m'manja mwawo.

“Asisi, manja anuwa andipha. Tandisiyani.”

Anatuluka, ndipo ndinamva akukoka kampando kupita pakhonde. Ndinalimbana nalo dukulo mpaka thukuta, dzanja lamanja likulephera kufika pankhongo, mapeto ake ndinangolifunda ngati munthu wothawa mvula.

Masana ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza m'lichero. Ndinakhala pansi pafupi nawo. Kunali kamphepo kafumbi, ndipo pansi pa mafulati ana ankamenya mpira wa mapepala. Anayamba okha kulankhula, maso ali m'lichero.

“Amayi ndinawaika m'manda. Alamu ako ndinawaika. Mwana wanga ndinamuika. Palibe ngakhale mmodzi amene ndinamuchiritsa, zimenezo ndimazidziwa. Chimene ndinakwanitsa n'chakuti palibe amene anavutika ali m'manja mwanga. Ndi chokhacho chimene ndimadziwa, mwana wa amayi. Ndiye lero mukundiuza kuti ndizikuonerera ukulira, manja ndili nawo?”

Zinandiwawa, chifukwa ndinali ndisanawamvepo akutchula maliro atatuwo pamodzi. Koma mantha anga anali aakulu kuposa chisoni.

“Inde, asisi, muzindionerera,” ndinatero. “Enawo anali pa ulendo, inu munkawaperekeza. Ine sindikufuna kuperekezedwa. Ndikufuna kutsala.”

Anapitiriza kuswa mtedza. Patapita kanthawi anati, “Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.” Anapeta makoko aja, n'kulowa m'nyumba.

Ulendo wotsatira wa ku mafizo analowa nane m'chipinda, ndipo sanatuluke. Anakhala pampando atapanira manja pakati pa mawondo, kuona mtsikana uja akundikoka mkono, ine ndikulira ngati mwana. Atamaliza, asisi anamufunsa, “Ndiye ine ntchito yanga ndi yotani?”

“Imwe nchito yanu ni kunkala pafupi, ba mayo, na kumuleka achite.” Kenako anawagwira dzanja n'kuwaonetsa mmene angamatikitire chipsera ndi mafuta kuti khungu lisamatirire kunthiti. Asisi anaphunzira kamodzi kokha. Pazimenezo panalibe wowaposa.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munasintha. Munthu uyu akagwira chinthu sagwira mwatheka. Ndinadzuka m'mawa kupeza shuga, masamba a tiyi ndi kapu yanga zili pashelefu yapamwamba. Ndikati nditenge ndi dzanja lamanzere, ndimve kumbuyo, “Linalo.” Sopo anamuika pawindo la kubafa. Thaulo analikoleka pamsomali wa pamwamba pa chitseko. Ndikabuula, ankatembenukira kukhoma, milomo ikuyenda, kaya ankapemphera kaya ankanditukwana, sindinafunse. Nthawi ya duku ankakhala pabedi atakhalira manja awo enieniwo, kuti asawathawe.

Ndiye linafika Lachinayi lina. Azimayi a chigwirizano a kutchalitchi kwathu anagwirizana zodzandizonda akaweruka kumapemphero, osatiuza. Asisi anali atachapa, ndipo ine ndinali kuseri kwa mafulati ndikuyanika tinsalu topepuka pachingwe. Chingwecho chili pamwamba ndithu. Ndinkatenga kansalu kamodzi, kukakweza mano ali gwa, kukapana, kupuma, misozi ili m'masaya. Asisi anali pakampando pamthunzi, manja ali pansi pa ntchafu. Azimayi aja anatulukira pakona atavala mabulauzi awo oyera, ena atanyamula mabotolo a maheu, ndipo nyimbo imene ankaimba chapansipansi inathera pakhosi.

Amayi apampando anayang'ana ine, n'kuyang'ana asisi, n'kufunsa, “Kodi pano wodwala ndi uti?”

Mmodzi anathamangira beseni kuti andilande. Asisi anadzuka, n'kugwada pang'ono mwaulemu monga mlendo, n'kunena kuti, “Pepani amayi, tasiyani. Ayanika yekha.”

Ndinaona nkhope ya asisi, ndipo ndinadziwa chimene chinkawachitikira. Dzina limene analimanga pamphasa za odwala atatu linkagwa pamaso pa anthu achilendo, iwo ali chiimire, osadziteteza. Ndinayesa kufotokoza za makina ndi za phewa. Ena anamvetsa, mmodzi mpaka anati mng'ono wake anauma mkono chimodzimodzi. Ena anangoti “oho,” maso ali pa asisi. Tinalowa m'nyumba, anapemphera, anaimba, anasiya maheu. Potuluka palibe amene anawagwira asisi m'manja.

Theka la mpingo wathu ndi anthu a kwathu kummawa, ndiye nkhani inakwera basi ya ku Chipata ife tisanadye n'chakudya chamadzulo chomwe. Sabata isanathe, azakhali athu anaimba foni kuchokera ku Katete. Ndinkamva mawu awo ndili kuchipinda. Akuti kumudzi kwamveka zoti asisi anapita ku Lusaka kukakhala pampando n'kumadya za mng'ono wawo, wodwala akuchapa yekha ndi chilonda pachifuwa. Ndinatuluka kuti ndilande foniyo ndiwayankhe azakhaliwo mmene ndimayankhira makolo ovuta kusukulu. Asisi ananditambasulira dzanja kuti ndiime.

“Ndamva, azakhali,” anatero pafonipo. “Zikomo, ndamva.” Atadula, anandiyang'ana n'kufunsa, “Kukhoma wapitako kale masana ano?”

Ndinapita kukhoma. Ndinakwawitsa zala ndikulira, ndipo kulira kwa tsiku limenelo sikunali kwa m'khwapa mokha. Kamzere ka choko kanadutsa swichi, kanadutsa msomali wa kalendala, kenako kanayamba kuyandikira pamwamba pa chitseko. Sikuti kankakwera tsiku lililonse. Masiku ena kankabwerera pansi, makamaka kukazizira, ndipo ndinkagwa mphwayi n'kukhala pabedi. Asisi ankabwera ndi kabotolo ka mafuta, kutikita chipsera, akamaliza n'kundipatsa ndodo ya tsache. Mtsempha wa m'khwapa uja unafewa pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina mtsikana wa mafizo akundikoka ndinamva kuti thu, ngati ulusi waduka m'kati, ndipo mkono unapitirira pamene unkakanira. Iye anamwetulira n'kuti, “Uliko bwino manje uyu mkono, ba mayo.”

Tsiku la makina tinadzuka kuli mphepo ya mu Ogasiti, fumbi lili paliponse. Tinakwera minibasi, asisi atakhala kumbali ya chilonda kuti anthu asandigunde. Zimenezo zokha ndinawalola. Kuchipatala iwo anatsala pabenchi m'khonde, ine n'kulowa.

Kabedi kaja kanali kozizira. Ndinagona chagada, ndinakweza wakumanzere, kenako wakumanja. Unadutsa phewa, unadutsa khutu, n'kuyamba kunjenjemera. Ndinapuma mmene mtsikana uja anandiphunzitsira, n'kuusiya kuti utsike wokha kumbuyo. Zala zinakhudza chitsulo. Ndinachigwira. Anandiuza kuti ndisasunthe, ndipo sindinasunthe, ngakhale phewa linkayaka moto. Anandilemba timadontho pakhungu, n'kundiuza tsiku loyamba kuwotcha. Anandiwotchadi mpaka kumaliza, ndipo ndi mkono womwewo umene ndikulembera izi. Ku bolodi ndinabwerera, kungoti tsiku ndimalilemba chapansi pang'ono.

Asisi anabwerera ku Katete mvula itayamba. Ndimamva kuti kumudzi alipobe ena amene amati akulu anga anasintha atapita kutauni, ndipo pakadwala munthu sathamangiranso kukhomo kwawo monga kale. Ndinapitako pa Khirisimasi, ndinakweza mkono pamaso pa azakhali ndi aliyense wofuna kuona, koma mbiri yoipa ikalowa m'mudzi situluka yonse. Iwo sanadandaulepo kwa ine ngakhale kamodzi.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri pa tsiku la makina lija ndi cha pabenchi. Pogona pakabedi paja duku linavuka, ndipo ndinatuluka nditaligwira m'manja, mutu uli pamtunda. Asisi anaimirira, maso ali pankhope panga, osafunsa. Ndinangogwedeza mutu. Anakhalanso pansi mwakamodzi.

Ndinakhala pambali pawo n'kuyamba kumanga dukulo. Mkono unali utatopa ndi kugwira chitsulo chija, ndiye zinatenga nthawi. Mfundo inathera pambali pa khutu, nsalu mbali ina itatsikira padiso, mbali ina mutu ukuonekera. Moyang'anizana nafe panali mayi wina wachikulire wachisilamu, wovala mpango wake mwaudongo, wolankhula Chichewa cha ku Malawi. Anatiyang'ana kanthawi, kenako anawerama n'kuuza asisi mwachifundo, “Amayi, tamukonzereni mnzanuyo duku, lapendekeka.”

Ndinaona manja a asisi akunyamuka okha pamiyendo. Anafika m'malere, pafupi ndi khutu langa, mpaka ndinamva fungo la sopo lija. Anaima pomwepo. Kenako anabwerera pamiyendo, n'kugwirana.

“Msiyeni, amayi,” anatero asisi. “Wamanga yekha.”

Tinatuluka choncho, duku lili pakhutu, kupita kukadikira minibasi ya ku Kabwata.